Chisiyamu Changa ndi Chilomwe cha Amayi

Chimene chinandichotsa ku Mulanje ndi chimanga changa chimene chinali chitangomasula ngayaye. Chinali chaka cha 1951, mvula ili pakati. Ndinali mkamwini kwao kwa mkazi wanga Esinati, kumunsi kwa Milonde, pa malo a mzungu wa tiyi. Aliyense wokhala pa malo amenewo ankagwira thangata, ndiye kuti kulimira mwini malo nthawi imene iye wafuna, apo ayi nyumba yako igwe. Sabata ina chibayo chinandigoneka, sindinapite ku tiyi. Tsiku limene ndinadzuka ndinapeza kapitawo wa esiteti, a Likaka, ali m'munda mwanga ndi anthu awo, zikwanje m'manja, akutchetcha chimanga chija ngati udzu wofolerera.

Ndinagwada m'matope. "A Likaka, ndimadwalatu ine. Funsani apongozi."

"Tiyi sadwala," anatero osandiyang'ana n'komwe. "Ukadwalanso tidzatchetcha denga."

Apongozi anga aakazi anali chiimire m'mphepete mwa munda, manja kumbuyo. Anangopenyerera mpaka chimanga chonse chinagwa. Koma titafika kunyumba anauza mwana wawo, ine ndikumva, kuti mkamwini wopanda nkhokwe ndi mlendo wongotha ndiwo. M'mawa mwake ndinauza Esinati kuti ndikupita ku Zomba kukalembetsa usilikali. Anali ndi pakati. Anandifunsa kuti ndikabwera liti, ine ndinati sindikudziwa, ndipo sanafunsenso. Ndinadzera kwathu, pa esiteti ina cha ku Muloza, kukatsanzika amayi. Anandimangira makaka, chinangwa chouma chija, m'kansalu, nandiperekeza mpaka pa msewu.

Za ku Zomba sindinena zambiri. Anatimeta, anatithamangitsa, anatitukwana mpaka tinadziwa kumanja ndi kumanzere. Kenako anatikweza sitima ya pamtunda, kenakonso ya pamadzi, ulendo wa ku Malaya. Kumeneko ntchito yathu inali kusaka anthu obisala m'nkhalango amene boma linkati ndi zigawenga. Nkhalango ya ku Likhubula ndi dimba poyerekeza ndi imene ija. Dzuwa silinkafika pansi, zovala sizinkauma, misundu inkalowa mpaka m'nsapato. Mapazi anga anaola, malungo nawo anandigwira, ndipo nditatuluka m'chipatala sanandibwezere kwa anzanga. Ananditumiza kumpoto, kufupi ndi malire a dziko la Siyamu, limene ana asukulu amati Thailandi, kukalondera nyumba yosungiramo mpunga wa boma.

Pa kampu imeneyo panali bwana mmodzi wachizungu, apolisi a Chimalaya ndi ophika a Chimwenye. Wa ku Nyasalandi ndinali ndekha. Munthu ukhoza kupirira njala, koma kukhala mwezi wathunthu osatsegula pakamwa kupatula kuyankha bwana ndi chinthu china. Ndinkalankhula ndi mfuti yanga poitsuka. Ndinkaimba nyimbo za ku tchalitchi m'chimbudzi kuti ndimve mawu a kwathu. Ndalama ndinkatumiza kumudzi kudzera ku boma, ndipo mayankho ankabwera m'dzanja la aphunzitsi a ku Milonde, mawu ali a malume ake a Esinati. Onse ali bwino. Mwana anabadwa, wamkazi. Tumizani bulangeti. Liwu la Esinati mwini wake silinalembedwemo ngakhale kamodzi.

Pafupi ndi kampu panali mudzi wa anthu a Chisiyamu, nyumba zawo zoimikidwa pa mitengo, kachisi wawo ali pakati, ansembe ake ovala nsalu zachikasu. Ndikamadutsa, ana ankathawira pansi pa nyumba. Mbiri inali itafika kale kuti asilikali akuda amadya anthu ndipo ali ndi michira. Munthu mmodzi yekha ndiye sankandithawa, dzina lake Chom, bambo wa dzino lagolide amene ankabweretsa nkhuni ku kampu pa ngolo ya ng'ombe. Tinkamvana ndi manja, Chimalaya chapamsika pang'ono, ndi Chingerezi cha pa perete. Ndinamupatsa ndudu ndi nyama ya m'chitini, ndikumupempha kuti andiphunzitse chilankhulo chawo.

Anayamba bwino. Madzi ndi nam. Mpunga ndi khao. Kuwerenga ndi neung, song, sam. Kenako anandiphunzitsa moni woti ndizipereka ndikalowa mu msika. Anandionetsa kuphatikiza manja pa chifuwa, kuweramitsa mutu, n'kunena mokweza kuti, "Phom pen maa khrap." Anandibwerezetsa mpaka liwu la maa linkakwera kumapeto monga mmene iye ankafunira. Anati tanthauzo lake ndi loti ndafika, ndine wanu.

Tsiku la msika ndinachapa yunifolomu. Ndinaima pakati pa ogulitsa nsomba ndi ogulitsa masamba, ndinaphatikiza manja, ndinanena mawu aja. Msika wonse unaphulika ndi kuseka. Amayi anagwira nthiti. Abambo anaitana anzawo kuti ndibwerezenso, ine ndinabwereza. Wina anandiponyera nthochi pansi, ndinatola poganiza kuti ndi mwambo wawo. Wina anandiimbira likhweru, ndinapita. Mtima wanga unayera tsiku limenelo. Ndinalemba kalata kumudzi yoti kuno ndapeza abale. Masabata angapo ndinkalowa mu msika uja ndi moni womwewo, ana amene ankandithawa aja akunditsata pambuyo n'kumauwa.

Panali mayi mmodzi wokalamba amene sankaseka. Ankagulitsa nthochi zokazinga ndi mpunga wonanda kumapeto kwa msika, mano ake ali bii chifukwa chotafuna masamba otchedwa tambula. Anthu ankamutcha Paa Nuan, ngati ife tikamati azakhali akutiakuti. Tsiku lina nditangomaliza moni wanga, anandikoka mkono mwamphamvu mpaka pa thebulo lake. Analoza pansi pake pamene panagona galu wa mphere, nati, "Maa," liwu likukwera kumapeto ndendende mmene Chom anandiphunzitsira. Anandikodola ndi dzanja ngati akuitana munthu, nati, "Maa," liwu lili lathyathyathya. Analoza chithunzi cha hatchi pa kachitini, nati, "Maa," liwu lili m'mwamba. Kenako anadzimenya pa chifuwa, nati, "Khon." Anandibaya ndi chala pa chifuwa panga, natinso, "Khon."

Khon ndi munthu. Masabata onse aja ndinkaweramira msika wonse n'kumauuza mwaulemu kuti ine ndine galu.

Sindikudziwa mmene ndinafikira ku kampu. Chom atabwera ndi nkhuni ndinamugwira pa khosi la malaya, koma iye anangoseka, dzino likung'anima, nati, "Mai pen rai," ndiye kuti palibe kanthu. Mfuti ndinali nayo. Ndinamusiya. Iye anakauza anthu kuti galu uja wayamba kuluma.

Ndinabwerera kwa Paa Nuan chifukwa kunalibe kwina kopita. Musaganize kuti anali mayi wachifundo. Ndinkamuwazira nkhuni ndi kumutungira madzi, chakudya ndinkagula ngati wina aliyense, ndipo ndikalakwitsa liwu ankandimenya ndi chipande pa mfundo za zala, nthawi zina chili ndi mafuta otentha. Dzina langa loti Layisoni sanalivutikire, ankangonditcha Dam, kutanthauza wakuda. Koma sanandinamizepo. Ankanyamula chinthu, kuchitchula, ine ndibwereze. Khutu langa linatseguka tsiku limene ndinakumbukira kuti ifenso timati mtengo wa mango ndi mtengo wa mchere pa sitolo, liwu limodzi koma kaimbidwe kosiyana. Kuyambira pamenepo ndinasiya kulankhula Chisiyamu, ndinayamba kuchiimba, ndipo chipande chinayamba kupumula.

Ndinaphunzira kuti moni wawo weniweni ndi kufunsana kuti kin khao rue yang, wadya mpunga kapena ayi. Pai nai ndi ukupita kuti. Phaeng ndi kudula, aroi ndi kukoma, phrung nii ndi mawa, baan ndi nyumba. Fai ndi moto, ndipo limeneli anandiphunzitsa kuti ndizitha kupempha koyatsira ndudu. Limene linandivuta mumtima ndi mai. Kwathu ndi liwu loitanira wotibala, iwo ndi liwu lokanira. Miyezi itapita ndinkatha kunenerera mtengo wa nsomba, kufunsa za mwana wodwala, ngakhale kutukwana njati ikalowa m'njira. Anthu anasiya kuseka. Ena anayamba kundiyankha. Mwamuna wina anandipatsa malo pa mphasa yake ndipo tinadya m'mbale imodzi.

Lero ndimakonza njinga pa Chonde. Zala zanga zili ndi zipsera za sipanala ndi za chipande chija, ndipo sindingathe kuzisiyanitsa. Nthawi zina wina akanditchulira mtengo wokwera wa tayala, liwu loti phaeng limangotuluka lokha, anthu n'kumati nkhondo inamuzunguza mutu mkulu uyu. Sindiwatsutsa.

Tsiku lina akuluakulu a boma ananena kuti mpunga wa m'mudzi wa Chisiyamu uja ndi umene ukudyetsa anthu a m'nkhalango, choncho mudzi wonse usamutsidwire ku malo otchingidwa ndi waya. Anasonkhanitsa anthu pa bwalo la kachisi. Womasulira amene ankayembekezeka sanafike chifukwa mtsinje unadzaza. Bwana uja anali atamva kwa ophika kuti ndimalankhula ndi anthu a m'mudzi, ndiye anandiitana kutsogolo. Analankhula nthawi yaitali, za chitetezo, za nyumba zatsopano, za chitsime ndi sukulu, za chisoni cha boma. Atamaliza anandiyang'ana.

Mawu otero ine ndinalibe. Chisiyamu changa chinali cha mu msika. Ndinafufuza m'mutu ndipo ndinapezamo anayi okha oyenera nkhaniyo. "Phrung nii. Pai. Baan, fai." Mawa. Pitani. Nyumba, moto. Ndinawatchula bwino, lililonse ndi kaimbidwe kake, ndipo panalibe amene sanamve.

"Basi?" anafunsa bwana. "Zonse ndanena zija?"

"Amva, bwana."

Paa Nuan anali kutsogolo. Anadzuka pang'onopang'ono, anabwera pafupi, analavulira malovu ofiira a tambula pa nsapato yanga, natchula liwu limodzi lokwera kumapeto. Sindinafune wondimasulira. M'mawa mwake ndinaima pa mzere wa alonda nyumba zikuyaka. Chom analembedwa ganyu yonyamula katundu wa anthuwo pa ngolo yake, ndipo podutsa anandibayibitsa. Mayi uja sindinamuonenso.

Ndinabwerera kuno m'chaka cha 1954. Lole inanditsitsa pa Chonde ndi bokosi lachitsulo, nditavala chijasi cha usilikali ndi jombo zopolishidwa, ngakhale kunkatentha. Ndinkafuna a ku Milonde aone. Koma poyenda ndinaona kuti anthu akupatuka m'njira. Amene ndinkawadziwa ankayankha moni akuyang'ana jombozo. Midzi ina imene ndinaisiya panali mizere ya tiyi wongobzalidwa kumene, mitengo ya mapeyala yokha ndiyo inkasonyeza pamene panali mabwalo a anthu.

Mudzi wa apongozi unalipo. Nyumba yanga inali ndi chitseko chatsopano, ndipo bulangeti limene ndinatumiza linali pa chingwe. Pakhonde panakhala a Likaka, atavula malaya, akudya chinangwa chootcha. Esinati anatuluka ali ndi mwana kumbuyo, wakhanda, osati wanga. Wanga anali ataima pa khomo atagwira mwendo wa mpando wa a Likaka.

Apongozi ndi amene analankhula. "Khalani pansi, bambo. Chaka chatha anagwetsa midzi yonse kuzungulira kuno. Ife tinatsala chifukwa a Likaka analowa m'banja muno. Inu mukanatitchinga ndi chiyani, makalata?"

"Nanga zimene ndinkatumiza?"

"Mwana wanu anadya. Simukumuona wanenepa?"

A Likaka anandilozera chipanda cha mowa. "Tamva kuti mumalankhula Chitchaina, achimwene. Tatilankhulireni pang'ono, ana asekeko."

Ndinanyamula bokosi langa. Esinati ananditsata mpaka pa nkhokwe, maso ali pansi. Sanapepese, ndipo ine sindinamufunse. Anangoti, "Amayi anu ali pa Muloza kwa achemwali anu. Musachedwe."

Achemwali anga, a Felista, anakwatiwa ndi wogulitsa nsomba zouma pafupi ndi malire. Anandilandira pakhomo ndi misozi yochepa, nandiuza zimene makalata sananene. Asilikali a boma anabwera kumudzi kwathu ndi lole. Anamangirira chingwe pa nsanamira ya nyumba ya amayi n'kukoka, nkhokwe n'kuyatsa. Amayi anagwa pomwepo. Atatsitsimuka, mbali ya kumanja inali itafa, ndipo Chinyanja chonse chinali chitachoka m'kamwa mwawo. Chinatsala ndi Chilomwe chimene anabwera nacho kuchokera ku Mpwitikizi ali mtsikana.

"Ndiye mumamvana bwanji?" ndinafunsa.

"Timangowapatsa phala. Alamu anu safuna kuti ogula nsomba azimva Chinguru pakhomo pano, ndiye tinawaika kuseri."

Apa ndiyenera kunena chinthu chimene ana a masiku ano sachimvetsa. Ife ndife Alomwe, koma bambo athu asanamwalire analetsa Chilomwe m'nyumba. Ku esiteti ndi ku sukulu ya mishoni ankatitcha Anguru odya njoka, ndipo bambo ankati mwana wolankhula Chinguru sadzalembedwa ntchito yokhala pa mpando. Tsiku lina ndili wamng'ono ndinapempha madzi m'Chilomwe pamaso pa alendo, anandimenya pakamwa mpaka mlomo unang'ambika. Amayi anapukuta magaziwo ndipo kuyambira tsiku limenelo ankatilankhula Chinyanja chokha. Ine ndi a Felista tinakula tikudziwa timawu towerengeka, maahi kutanthauza madzi, mwanaka kutanthauza mwana wanga, ndi zotukwana ziwiri zitatu.

Amayi ndinawapeza m'kanyumba kogundana ndi khola la mbuzi, atagona pa chiguduli, ntchentche zili pa mbale ya phala la dzulo. Nditaima pakhomo ndinatseka kuwala. Anadzutsa mutu, anayang'ana jombo, anayang'ana chijasi. Anadzikoka ndi chigongono chamoyo chija mpaka anagwira jombo yanga, nayamba kulankhula mofulumira, misozi ikutsika mbali imodzi ya nkhope.

"Amayi, ndine Layisoni. Ndabwera."

Sanasiye. Ndinagwada, ndinawagwira dzanja, analibweza n'kugwiranso jombo. Ndinatchera khutu limene linaphunzira kusiyanitsa galu ndi hatchi kutsidya kwa nyanja, koma sindinatolepo kanthu.

Ndinapita mu msika wa Muloza kukafuna womasulira. Ambiri amene ndinawafunsa anali Alomwe okhaokha, ndinkawadziwa ndi kalankhulidwe, koma poona chijasi ankati sadziwa chilankhulo chimenecho. Potsiriza anavomera mkulu wina wogulitsa fodya wonunkhiza, a Mukhuna, amene ankaoloka kuchokera ku Milanje, kutsidya kwa malire, tsiku la msika. Tinalowa tonse m'kanyumba kaja. Amayi anayambanso, nthawi yaitali, akuloza ine, akuloza denga, akuomba dzanja lamoyo pa chifuwa. A Mukhuna anamvetsera atazyolika. Amayi atatha, mkuluyo anatsokomola.

"Akuti mwafika bwino."

"Agogo," ndinatero, "ntchito imeneyi ndinaigwirapo. Mawu ataliatali akafupika, ndimadziwa kuti pakati pagwa chinthu. Nenani zonse."

Anafwenkha fodya, anapukuta mphuno, nalankhula akuyang'ana khoma. "Akuti, bwana msilikali, musagwetse nyumba ino. Akuti mawa apita okha ku tiyi, ngakhale chokwawa. Akuti ali ndi mwana wamwamuna ku nkhondo, akabwera apeze pogona."

Ndinavula chijasi n'kuchiponya panja. Ndinamasula jombo n'kuziponyanso. Ndinakhala pa dothi ndi mapazi anga a zipsera, ndinaonetsa mlomo wong'ambika uja, ndinati, "Auzeni kuti mwanayo ndine. Auzeni ayang'ane apa."

A Mukhuna anawauza. Amayi anasiya kulira. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo ndinaganiza kuti andizindikira. Kenako analankhula mawu ochepa, modekha, natembenukira kukhoma.

"Akuti chiyani?"

"Zisiyeni zimenezi, mwanawe."

"Nenani."

"Akuti mwana wobala iwo sangabwere ndi munthu womulankhulira."

Ndinakhala pa Muloza miyezi imene inatsatira. Ndinawachotsa kukhola kuja, ndinawamangira kanyumba kawo, ndinkawasambitsa ndi kuwamwetsa phala. Tsiku la msika ndinkakhala pa mphasa ya a Mukhuna kutola mawu a Chilomwe limodzilimodzi, ndipo anthu omwe ankati sadziwa chilankhulocho ankaseka katchulidwe kanga, umboni woti ankachidziwa bwino. Ndinali nditaganiza kuti nkhanza ndinakaziona kutali, kwa anthu osandidziwa. Koma kumeneko anandinamiza liwu limodzi lokha. Kuno kwathu anandichotsa lilime lonse ndili mwana, akuti pondikonda, ndipo amene analisunga analibisa ngati nthenda. Mawu ochepa amene ndinaphunzira ndinkapita nawo kwa amayi, iwo n'kumagwedeza mutu mwaulemu monga timachitira ndi mlendo woyesera chilankhulo chathu. Anamwalira mvula isanagwe, akunditchulabe bwana.